Orchid wanga watha zaka ziwiri osachita maluwa, ndisinthe feteleza?

Mayi wina wandilembera uthenga uwu, ndaufupikitsa pang'ono:

"Zikomo bambo, ndithandizeni. Mwana wanga anandipatsa duwa la orchid ngati mphatso, linabwera ndi maluwa oyera okongola kwambiri ndipo anakhala pafupifupi miyezi itatu asanayoyoke. Chiyoyokereni papita zaka ziwiri, palibe chatulukanso. Masamba alipo asanu, akuluakulu, obiriwira mpaka ngati akuda. Ndinagula feteleza wolembedwa kuti ndi wobweretsa maluwa, ndimathira sabata iliyonse monga analembera pa botolo, pena ndimawonjezera pang'ono. Pano nsonga za mizu zikuda ndipo pamwamba pa mphika pali zoyera ngati mchere. Limakhala pa shelefu pabalaza, patali ndi windo chifukwa ndinamva kuti silifuna dzuwa. Ndisinthe feteleza? Kapena lakalamba ndingolitaya?"

Mayi, musalitaye chonde. Duwa lomwe lili ndi masamba asanu olimba patatha zaka ziwiri ndi lamoyo ndithu, ndipo mwalisamala kuposa anthu ambiri, chifukwa ambiri limawafera msanga. Za ukalamba iwalani, maluwa amenewa amakhala zaka khumi, makumi awiri ngakhale kupitirira, akuchita maluwa chaka ndi chaka. Mmene mwalifotokozeramo, masamba otakata okhuthala, maluwa okhalitsa miyezi itatu, ndikukhulupirira kuti lanu ndi la mtundu wa Phalaenopsis, womwe ndi umene umagulitsidwa kwambiri ngati mphatso, ndiye ndiyankha motengera mtundu umenewo.

Koma ndikuuzeni mosabisa, vuto lanu si mtundu wa feteleza. Feteleza sayambitsa maluwa pa orchid. Amangothandiza duwa kumanga thupi basi. Chimene chimaliuza kuti nthawi yochita maluwa yakwana ndi zinthu ziwiri, kuwala kokwanira ndi kuzizirira kwa masabata angapo, ndipo pa shelefu pabalaza paja silikupeza chilichonse mwa ziwirizi. Ndiye inu poona kuti palibe chikuchitika mwakhala mukuwonjezera chakudya, duwa lakelo lilibe mphamvu yochigwiritsa ntchito, chakudyacho chikungowunjikana mumphika n'kusanduka mchere uja mukuuonawo, n'kumawotcha mizu. Ndakumana ndi nkhani ngati yanuyi kambirimbiri ndipo pafupifupi nthawi zonse imayenda chonchi.

Ndiye feteleza ameneyo muyambe mwamuika pambali, kuyambira lero, kwa mwezi wathunthu.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ganizirani komwe duwali linachokera. Makolo ake amamera m'nkhalango zotentha za ku Asia, monga ku Philippines ndi Indonesia, ndipo samera pansi ayi, amakangamira pa nthambi ndi pa makungwa a mitengo, mizu ili pamtunda ikuwombedwa mphepo. Sayamwa kanthu mumtengomo, amangoukhalira. Chakudya chawo ndi timadzi ta mvula totsetsereka pa khungwa titatenga fumbi pang'ono, tizinyalala ta masamba owola, zitosi za mbalame mwa apo ndi apo. Chakudya chochepetsetsa koma chobwera pafupipafupi. Mizu yake ili ndi chikopa chofewa ngati siponji chomwe akatswiri amachitcha velamen, chimamwa madzi msangamsanga chikangonyowa. Vuto lake ndi loti chimamwanso mchere wa feteleza chimodzimodzi, ndiye madzi akauma mcherewo umatsalira pomwepo. Nsonga ya muzu yomwe ikukula imayenera kukhala yobiriwira yonyezimira, ngati nsonga ya pensulo yoviikidwa mu penti wobiriwira. Ikada kapena kuuma, muzu umenewo wasiya kukula, ndipo duwa lopanda mizu yokula silingaganize za maluwa.

Chochita chake n'chosavuta. Tengani mphikawo mupite nawo pa sinki, muthire madzi ofunda pang'ono, osati otentha, adutse mumphikamo n'kumatuluka pansi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Dikirani mphindi khumi kuti mchere wouma uja usungunuke, kenaka bwerezaninso. Ngati muli ndi madzi a mvula oyera ndiye abwino koposa chifukwa alibe mchere wawowawo. Samalani madzi asalowe pakati pa masamba pamwamba paja pomwe tsamba latsopano limatulukira, akalowa pukutani ndi katishu mpaka pawume, chifukwa madzi akagona pamenepo mtima wa duwa umawola ndipo Phalaenopsis ali ndi mtima umodzi wokha.

Mukatero muyang'ane mizu. Ambiri amabwera mu kamphika ka pulasitiki koonekera mkati komwe amakalowetsa mu mphika wina wokongola, ndiye tulutsani kamkatiko muone. Muzu wabwino ndi wonenepa, wolimba mukaufinya, wotuwa ngati siliva ukauma ndipo umasanduka wobiriwira ukanyowa. Wakufa ndi wabulauni, wophwafuka, mukaukoka chikopa chimavuka n'kutsala kaulusi. Poti papita zaka ziwiri musanasinthe zomwe zili mumphikamo, ine ndikanakhala inu ndikanaganiza zosintha posachedwa. Makungwa amawola pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, amafumbutuka n'kuyamba kusunga madzi ngati dothi, mizu n'kumasowa mpweya. Komanso ambiri mwa maluwa ogula aja pakati penipeni pa mizu pamakhala kachibumba ka ndere zothinana kapena kasiponji komwe anameretsera mbande, kamakhala konyowa nthawi zonse ngakhale kunja kukuoneka kouma, kameneko kachotseni mosamala ndi zala. Podzalibzalanso, dulani mizu yakufa ndi sizasi yomwe mwaipukuta ndi spiriti, bzalani mu makungwa atsopano opangira ma orchid, mu mphika wa mabowo ambiri wongokwana mizuyo. Mphika waukulu ayi. Dothi la m'munda kapena la maluwa ena ayi ndithu, limenelo limapha. Mizu ina yomwe yatulukira kunja ikulendewera isiyeni, si matenda, ndi chikhalidwe chake.

Tsopano nkhani ya kuwala, yomwe kwa ine ndiye mutu wa vuto lanu. Amene anakuuzani kuti silifuna dzuwa ananena theka la zoona. Silifuna dzuwa la masana lowomba pa tsamba, limapsa n'kuchita zigamba zoyera zomwe kenaka zimada ndipo sizichira. Koma kuwala limakufuna, kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Maso athuwa amatinamiza, chipinda chimaoneka chowala bwinobwino kwa ife pomwe kwa chomera ndi mdima, ndipo mukangochoka pa windo mamita awiri kapena atatu kuwala kumakhala kutatsika kwambiri. Masamba anu obiriwira ngati akudawo ndi umboni. Anthu amasangalala nawo, amati duwa langa lanenepa, chonsecho duwalo likuchulukitsa zobiriwirazo pofuna kugwira kakuwala kochepa komwe kalipo. Tsamba la duwa lokhuta kuwala limakhala lobiriwira mowalira, ngati udzu wanthete, lolimba, pena m'mphepete mwake muli kofiirira pang'ono.

Malo abwino ndi pa windo loyang'ana kum'mawa, pomwe lipeze dzuwa lofewa la m'mamawa maola awiri atatu kenaka kuwala kopanda dzuwa tsiku lonse. Ngati windo lomwe muli nalo limalowa dzuwa lamphamvu, ikani katani yopyapyala ija yoonekera. Kayesedwe kake ine ndimachita chonchi, masana kukuwala ndimaika dzanja pamwamba pa masamba, kutalika ngati chikhatho chimodzi. Chithunzithunzi cha dzanja chikaoneka koma chosalongosoka m'mphepete, pamenepo ndi pabwino. Chikapanda kuoneka n'komwe, ndi mdima. Chikaoneka chakuthwa zala zonse kuwerengeka, dzuwa lachuluka. Gwiraninso tsambalo, likamamveka lotentha m'manja lisuntheni. Ndipo musalichotse pa shelefu n'kuliika pa dzuwa tsiku limodzi, lazolowera mdima zaka ziwiri, muzilisendeza pang'onopang'ono kwa masabata awiri.

Ndinali ndi lina langa lomwe linakhala zaka zitatu osachita kanthu, pomwe anzake omwe ndinkawathirira madzi omwewo ndi feteleza yemweyo ankachita maluwa chaka chilichonse. Linali kumapeto kwa tebulo, kuseri kwa chomera china chachikulu. Ndinangolisuntha kulibweretsa kutsogolo, sindinasinthe china chilichonse. Tsamba lotsatira linatuluka lalikulu kuposa la m'munsi mwake, ndipo nyengo yozizira itafika phesi lobereka maluwa linatuluka. Chiyambire pamenepo munthu akandifunsa za feteleza ndimayamba ndamufunsa kuti duwalo limakhala pati.

Chachiwiri ndi kuzizira. Alimi akuluakulu omwe amalima maluwawa m'nyumba za magalasi amadziwa kuti kutentha kukamakhala madigiri 28 kapena kupitirira, Phalaenopsis amangopanga masamba, maluwa ayi. Ndiye amawasunga motentha dala mpaka akule, kenaka amatsitsa kutentha kufika cha m'ma 25 masana ndi kutsikirapo usiku, pakapita masabata anayi kapena asanu mapesi amatuluka onse pamodzi. N'chifukwa chake mumawapeza akugulitsidwa ali ndi maluwa nyengo ina iliyonse. Kunyumba simufunika makina, nyengo yozizira ikamayamba ikani duwalo pafupi ndi windo pomwe usiku pamazizirira, madigiri 15 mpaka 18 ndi abwino, kwa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Lisafike pansi pa 12 kapena 13, ndipo tsamba lisagunde galasi lozizira. Ngati m'chipindamo mumayatsa hita usiku wonse, kapena ndi chipinda chomwe chimatentha masana ndi usiku chimodzimodzi, duwalo silidziwa kuti nyengo yasintha. Koma izi muchite mizu ikachira, osati pano. Duwa lofooka mukalikakamiza kuchita maluwa limatha kuchitadi, kenaka n'kutheratu mphamvu.

Tibwere ku feteleza, poti ndi zomwe munafunsa. Pa botolo pamakhala manambala atatu, monga 20-20-20. Yoyamba ndi nayitirojeni wa masamba, yachiwiri fosiforasi, yachitatu potaziyamu. Uja mwagulayu ndikuganiza ndi wa nambala yapakati yaikulu, monga 10-30-20, omwe amawalemba kuti obweretsa maluwa. Kwa zaka zambiri tonse tinkakhulupirira kuti fosiforasi wambiri ndiye amatulutsa maluwa. Koma feteleza wina yemwe anakonzedwa ku Michigan State University ku America, yemwe alimi ambiri a ma orchid amamugwiritsa ntchito lero, manambala ake ndi 13-3-15, fosiforasi ndi 3 yokha, n'kuwonjezeramo kashiamu ndi maginiziyamu, ndipo maluwa amachita bwinobwino. Ndiye ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama pa mabotolo awiri atatu. Pezani mmodzi wosungunuka m'madzi, wa manambala ofanana kapena wolembedwa kuti ndi wa ma orchid, akakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu ndi bwino kwambiri makamaka ngati mumathirira madzi a mvula. Uja muli nayeyo simuyenera kumutaya, angagwire ntchito pa maluwa ena a m'dothi.

Chachikulu ndi muyezo. Tengani kotala ya zomwe alemba. Akati supuni yaing'ono imodzi pa malita anayi, inu ikani kotala ya supuniyo pa malita anayi omwewo. Madziwo azioneka ngati mulibe kanthu, ndipo mtima uzikuuzani kuti zachepa onjezerani, musaumvere. Thirani kamodzi pa sabata kwa masabata atatu, sabata yachinayi madzi okhaokha ambiri otsuka mchere, kenaka n'kuyambiranso. Mizu ikakhala youma kwambiri yambani mwainyowetsa ndi madzi wamba, feteleza abwere pambuyo. Ndipo muziyang'ana duwalo osati kalendala yokha, mukaona tsamba latsopano likusuzumira pakati kapena nsonga za mizu zili zobiriwira, likudya, lipatseni. Kukazizira ndipo laima, chepetsani kufika kamodzi pa mwezi. Lodwala, la mizu yowola, kapena lomwe mwangolibzala kumene, lisalandire feteleza mpaka muone mizu yatsopano. Feteleza wa timibulu wa m'munda uja musayerekeze kumuika mumphika, kambulu kamodzi kakagona pa muzu kamauwotcha.

Pa intaneti mupeza mavidiyo ambiri onena kuti thirani madzi a zotsala za kukhitchini ndipo maluwa atuluka sabata imodzi. Ine sindilimbikitsa. Mu makungwa mulibe dothi loti ligaye zinthu zimenezo, zimangowola, kubweretsa nkhungu ndi tintchentche. Za kuthirira ndi ayisi nazonso ine sindichita, ndi duwa la kotentha ndipo timadzi ta ayisi titatu sititsuka mchere mumphika.

Kathiriridwe kabwino ndi kothira kwambiri mpaka madzi atuluke pansi, kusiya akhe onse, kenaka osathiranso mpaka mizu ya mkati itatuwa ndipo mphika wapepuka mukaunyamula. Kwa ambiri zimakhala masiku 7 mpaka 10, kotentha msanga, kozizira mochedwa. Thirirani m'mawa. Mphika wakunja wokongola uja nthawi zambiri ulibe bowo, ndiye muzisuzumira kuti madzi sanatsalire pansi. Masamba akayamba makwinya n'kulefuka musathamangire kuwonjezera madzi, yang'anani mizu kaye, kawirikawiri amakhala kuti mizu yawola ndi madzi ochuluka ndiye duwa likulephera kumwa.

Tsiku lina mudzaona kanthu kobiriwira kakutuluka m'mbali mwa tsinde, pakati pa masamba, kawirikawiri pansi pa tsamba lachitatu kapena lachinayi kuwerenga kuchokera pamwamba. Apa anthu ambiri amasokonezeka, ndi muzu kapena phesi? Muzu nsonga yake ndi yobulungira yosalala, thupi lake limatuwa, ndipo umalowera kulikonse, nthawi zambiri pansi. Phesi ndi lobiriwira lonse, nsonga yake ndi yophwatalala pang'ono yokhala ndi kamphako ngati dzanja lomwe zala zagundana chala chachikulu chili pambali, ndipo limalunjika kowala. Likafika masentimita 10 kapena 15 imikani kandodo n'kumalimangirira momasuka, likadali lanthete limathyoka msanga ndiye dekhani nalo. Kuchokera pamenepo mpaka duwa loyamba kutseguka pamatenga miyezi iwiri kapena itatu, pena kuposa. Nthawi imeneyi musamazungulize mphika, phesi limatsata kuwala ndiye mukamatembenuza limapindika ndipo maluwa amayang'ana uku ndi uku.

Chopweteka kwambiri ndi pomwe timaluwa tosatsegula tija tachita chikasu n'kuyoyoka mutadikira miyezi yonseyi. Zimachitika chifukwa cha kusintha kwadzidzidzi, mphepo yozizira ya pakhomo, mpweya wotentha wa hita, kuuma kwambiri mumphika, utsi wa fodya kapena wa moto, komanso zipatso zakupsa zikakhala pafupi, chifukwa zimatulutsa mpweya wa ethylene womwe umakalambitsa maluwa. Ndiye phesi likangoyamba timaluwa tosatsegula, duwalo likhale malo amodzi, muzithirira mwa nthawi zonse, feteleza wochepa uja mukhoza kupitiriza.

Maluwa akadzatha, phesi likauma n'kukhala bulauni dulani m'munsi. Likakhala lobiriwira muli ndi ufulu wosankha, mukhoza kudula pamwamba pa mfundo yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pansi ndipo pena limaphuka nthambi ina ya maluwa ochepa, pena limabereka kamwana ka masamba ndi mizu komwe amakatcha keiki, komwe mumakachotsa mizu yake ikafika masentimita asanu. Koma lanuli, poti likuchokera kovutika, ine ndingati mudzadule m'munsi lipume.

Ngati ndaphonya mtundu, mwachitsanzo lanu lili ndi timatumba tonenepa m'munsi mwa masamba kapena timitengo tatitali ngati bango, ndiye zina zisintha. Cattleya ndi Cymbidium amafuna kuwala kochuluka kuposa apa, Cymbidium amafunanso usiku wozizira kwambiri, ndipo Dendrobium nobile amafuna mumusiyiretu feteleza ndi kuchepetsa madzi nyengo yozizira, mukapitiriza kumudyetsa amakupatsani tiana m'malo mwa maluwa.

Kunena za nthawi, musayembekezere maluwa mwezi wamawa. Mizu ichire miyezi iwiri itatu, tsamba limodzi kapena awiri atsopano akule pa kuwala kwabwino, kenaka kuzizira. Tinene miyezi 6 mpaka 12. Chizindikiro choti muli pa njira yabwino ndi tsamba latsopano lofanana kapena loposa la m'munsi mwake. Likatuluka laling'ono, china chake sichinakonzeke.

Pali zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Tsamba lapakati likachita chikasu n'kuzuka lokha mukalikoka, kapena tsinde likada, kapena pa tsamba pakabwera chigamba chonyowa chonunkha chomwe chikukula tsiku ndi tsiku, lipatuleni kwa maluwa ena tsiku lomwelo ndipo mupite nalo kwa munthu wolima ma orchid kapena wodziwa matenda a zomera, chifukwa zowola zimenezi zimatha kumaliza duwa m'masiku ochepa. Mizere kapena timikombero tachilendo pa masamba ndi pa maluwa pena ndi vayirasi, yemwe alibe mankhwala ndipo amafala ndi sizasi, ameneyo amafunika kuyezedwa. Tizilombo toyera ngati thonje tobisala m'makwawa mwa masamba mukhoza kutipukuta ndi kathonje koviika mu spiriti sabata iliyonse, koma tikamabwerabe patatha mwezi funsani mankhwala oyenera. Tsamba limodzi la pansi penipeni likamachita chikasu pang'onopang'ono musade nkhawa, limenelo langokalamba.

Mukalitulutsa mumphika mundijambulire mizu, musanadule kalikonse, komanso windo lomwe mukufuna kuliikapo cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndikaona ziwirizo ndikuuzani ngati libzalidwenso sabata ino kapena lidikire kaye.